Tizilombo ta Amayi

Kwa Mwase,
Kasungu.
18 Novembala, 2012.

Okondedwa akulu anga a Feggie,

Amene andilakwira ndi a Benjamin, alongo anu. Ndayamba ndi dzina lawo dala kuti musavutike kulifunafuna m'munsimu, ndipo ndalemba kuti anu chifukwa masiku ano dzanja langa likukana kulemba kuti athu.

Tsopano moni. Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndilipo, kungoti kutopa. Mvula yoyamba inagwa sabata yatha koma inangonyowetsa fumbi, moti nazale ya fodya ndikuthirirabe ndi kheni m'mawa ndi madzulo, ndekha. Chifukwa chimene ndikuthirira ndekha muchimva.

Munandifunsa pafoni kuti mwambo wovundukula chiliza cha amayi unayenda bwanji, ine n'kuyankha kuti bwino. Mayunitsi anu ndi odula, ndipo nkhani iyi si yokamba mothamanga. Chiliza chokha n'chokongola, dzina la Ezelina analilemba bwino osaphonya. Zina zonse sizinayende.

Ndiyambire kumbuyo, poti inu munachoka amayi asanadwale ndipo zambiri munangozimva m'zidutswa. Chaka chija anapita ndi anzawo kukatola matondo kufupi ndi waya wa paki ya nyama zakutchire, ndipo anabwerako ndi chotupa pakhosi pamene kashembe anawaluma. Palibe amene anachilabadira. Kenako mutu, kutentha thupi, ife n'kumati malungo. Anamwa mankhwala a malungo mpaka kutopa nawo. Ndiye anayamba kusinza masana, khasu lili m'manja. Nthawi zina ankagona nkhani ili pakamwa, n'kudzadzuka akundiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. A Benjamin nthawi imeneyo ankagwira ntchito mu labotale ku Lilongwe, kuyang'ana magazi a odwala malungo pa makina aja okuza tinthu tosaoneka. Atabwera anangowayang'ana amayi, n'kuwagwira m'khosi, n'kunena kuti ndi kaodzera. Apa sindiwamana ulemu wawo. Anadziwa ndi iwo.

Kuchipatala anapempha madokotala, anapemphanso amayi, kuti atengeko magazi ndi madzi a mumsana akawafufuze. Amayi anavomera, nanga mwana wawo wamwamuna anamukanizapo chiyani? Si yemwe uja ankatumbula nkhuku za pa Khirisimasi kufuna njoka za m'matumbo, ife tikumenyedwa chifukwa chotaya mchere, iye akutamandidwa kuti adzakhala dokotala? Mankhwala a kaodzera, akulu anga, ndi moto. Amayi ankayamba kulira jakisoni asanawakhudze n'komwe. Anapezako bwino, tinabwerera kunyumba, koma patapita miyezi matenda aja anabweranso. Ulendo wachiwiriwo a Benjamin anafika ndi chitini chachitsulo chimene ukachitsekula chimafuka nthunzi yozizira. Anatenganso magazi, n'kunena kuti sangagone kuno chifukwa chisanu cha m'chitinimo chikhoza kutha. Amayi anamwalira m'mawa mwake. Alongo anu anafika manda atakwiriridwa kale. Izo ndinazimeza. Zinandikhala pakhosi zaka, koma ndinazimeza.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Tizilombo ta amayi tinali tachilendo chifukwa tinapirira mankhwala amene amapha tinzake, ndiye akuluakulu a kafukufuku ku Ulaya anafuna tizilomboto, n'kufunanso munthu amene anali nato. Sukulu ija anapitira pamenepo. Ntchito yawo anandifotokozerapo kangapo, ndipo poti sayansi ya Fomu 4 ndinakhoza, ndimamva. Akuti chamoyo chilichonse, ngakhale kachilombo kosaoneka ndi maso, chimanyamula m'kati mwake malangizo a chibadwa chake, aja amati DNA, ndipo ntchito yawo ndi kuwawerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Amatenga malangizo a tizilombo ta amayi n'kuwayerekeza ndi a tizilombo ta ku Zambia ndi ku Uganda timene timafa ndi mankhwala, kuti apeze pamene pasiyana. Atamaliza sukulu anayambanso za tizilombo tokhala m'mimba mwa kashembe, kenako za nkhupakupa za ng'ombe, kutsatira kumene ndalama za kafukufuku zalowera, koma amabwererabe kwa ta amayi. Zaka zonsezi sanapezebe. Nthawi zonse amati atsala pang'ono. Imvi zawayamba asanakwatire.

Chaka chilichonse amatumiza ya feteleza, ndipo n'chifukwa chake dzina lathu linachotsedwa pa makuponi. Sindinadandaule. Kuno thumba la kuponi imodzi mabanja awiri amagawana ndi ndowa, ndiye ine wokhala ndi mlongo ku Ulaya n'kumakanganirana ndowa ndi amayi amasiye sizikanaoneka bwino. Munda wa amayi wakhala wobiriwira pamene ya anzathu ikuchita chikasu. Anthu ankati Vailet ndi wolimbikira.

Za Ephraim ndinakuuzani, kalipentala uja wa ku Wimbe amene amakhoma mabokosi odindira fodya. Chikole, chitenje ndi foni, anapereka nthawi yokolola, ndipo chinkhoswe chinayenera kuchitika mwezi wamawawu. Ku chiliza anatumiza amalume ake ndi azakhali ake, a Fainala. Anabwera mwaulemu, atanyamula nkhuku.

Titachoka kumanda tinakhala pabwalo la nyumba, anthu ambiri ndithu, amayi a chigwirizano atavala zoyera, akulu a mpingo ali pamipando. Atsibweni a Jeremiya anapempha a Benjamin kuti athokoze anthu, poti simenti anagula ndi iwo. Anaimirira, Chichewa chikuwapunthwitsa, misozi ili m'maso. Ndikhulupirira kuti ankafuna kulemekeza amayi. Mawu awo ndilemba monga anawanenera, chifukwa akukana kuchoka m'mutu mwanga.

"Zonse zimene ndili nazo, sukulu, ntchito, feteleza wa m'munda muno, ngakhale chiliza mwaonachi, zachokera m'magazi a amayi. Zimene ndinatenga m'thupi mwawo sizinafe. Ndimazisunga m'chisanu, ndikazifuna ndimazidzutsa, ndipo zikundigwirirabe ntchito mpaka lero."

Akulu anga, munthu wobadwira kuno, amene anaweta mbuzi kuno, anganene zimenezi pamaso pa anthu a ku Kasungu? Ine ndinatsokomola, atsibweni anagogoda pansi ndi ndodo, koma a Dokotala Benjamin anali atayamba kale kutsekula laputopu. Anaitembenuzira kwa amayi a chigwirizano. Pagalasipo panali tinthu tonga tinyongolotsi tikuphiriphitha pakati pa timadontho tozungulira, ndipo iwo anafotokoza monyadira kuti ndi tomwe tija ta m'thupi mwa amayi, chithunzicho anajambula mwezi wapitawo, ndipo chakudya chake ndi magazi a mbewa zoyera zimene amaweta kuntchito. Pabwalo panangoti zii. Mayi wina anayamba nyimbo koma palibe anamulandira. Chakudya chinabwera, mbale zambiri zinabwerera zosakhudzidwa. A Fainala anaimirira, anakutumula nsalu yawo, n'kunena kuti ku Wimbe n'kutali.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika pamjigo. Akuti a Benjamin avomera okha pagulu kuti anakhwimira amayi awo. Akuti m'mandamo mulibe munthu, amayi ndi ndondocha, mwana wawo amawasunga n'kumawadzutsa kuti aziwagwirira ntchito. Ndipo kwa munthu wofuna kukhulupirira, zonse zinagwirizana: matenda ogona masana, chitini chofuka, mwana wosapezeka pamaliro, munda wobiriwira wopanda kuponi. Omwe aja ankati Vailet ndi wolimbikira tsopano akuti ankadabwa kale kuti mtsikana mmodzi angaunge bwanji mizere yonse ija. Banja la matenanti a ku Phalombe, limene linkandithandiza ganyu kunazale likapeza mpata, linasiya kubwera osatsazika. Tsiku logawa makuponi ndinangodutsa pasukulu pamene anthu anasonkhana, mayi wina n'kunena mokweza kuti awa safuna kuponi, ali ndi owalimira osadya. Anthu anaseka. Ndinamuyankha kuti amene amamulimira iye amadya ndiponso amamwa, koma mizere yake sitinaione. Sanasekenso, koma sizinandithandize kanthu.

Abusa anayesetsa. Lamulungu lotsatira analalikira zodzudzula mphekesera, anthu anavomera ameni mwamphamvu, n'kutuluka kukapitiriza panja.

Patapita masiku amalume a Ephraim anabwera kwa atsibweni. Sanathetse ukwati ayi, ndi anthu aulemu. Anati iwo sakuweruza munthu, koma mitima ya kwawo ili m'mwamba, ndipo ingatsike ngati chimene chinatengedwa m'thupi mwa malemu chitabwezedwa n'kukwiriridwa pamanda, anthu akuona, pemphero n'kuchitika. Zikatero chinkhoswe chipitirire monga tinapanganirana.

Ndinakwera kabaza kupita kuboma, kumene alongo anu ankagona pa resitihausi podikira ulendo. Ndinawapeza akulemba pa laputopu yomweyo pempho la ndalama za kafukufuku, maso ali psu, chifukwa akuti zimene ali nazo zikutha chaka chamawa ndipo akapanda kupeza zina ntchito yathera pomwepo. Sanali kudziwa kanthu. Iwo ankaganiza kuti anthu anakhala chete tsiku lija chifukwa chokhudzidwa. Ndinawauza zonse, ndipo anagwira mutu nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti sizingatheke. Tizilombo tamoyo munthu sakwera nato ndege ngati mtedza, ndiponso sitili malo amodzi. Anagawirako anzawo ofufuza m'mayiko angapo, aliyense ali ndi take mufiriji. Ndinawafunsa ngati amayi anawagawa ngati mbewu ya chinangwa. Anati Vailet, si amayi amenewo, ndi chimene chinapha amayi. Ndinati zimenezo ine ndikuzidziwa, mukanazinena pabwalo paja.

Ndinawauza kuti andionetsenso chithunzi chija, poti tsiku lija ndinali kuyang'ana nkhope za anthu. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza kuona. Tinali tinyongolotsi basi, tikusambira mosatopa, tonenepa bwino.

Ndiye anatsekula chikwama, n'kutulutsa kabotolo kapulasitiki kotalika ngati chala, kachivindikiro chabuluu. Anathiramo madzi ndi kadontho ka Sobo wofiira amene anali patebulo, analembapo manambala ndi cholembera, n'kundipatsa.

"Kakwirireni aka. Palibe amene angadziwe, ndipo iwe ukwatiwe."

Ndinakalandira. Mukhoza kundiweruza mmene mungafunire, koma ndinakamanga pamfundo ya chitenje n'kubwera nako kunyumba, ndipo panjira ndinali kuganiza kale za nyimbo imene tidzaimbe pamandapo.

Ephraim anabwera Loweruka, n'kundipeza ndikusenda mtedza wambewu pakhonde. Ndinamuonetsa kabotolo ndipo ndinamuuza chilungamo, kuti ndi madzi ndi Sobo. Anaseka koyamba chichitikireni zija, n'kunena kuti alamu ake a Benjamin ndi ochenjera, tichite zomwezo, azakhali akangoona dothi lathiridwa mtima ukhala pansi. Anayamba kale kukamba za tsiku, za mabenchi amene tingabwereke kutchalitchi, za mbuzi imene amalume ake alonjeza. Ine ndinali wokonzeka, akulu anga. Ndinamuthirira thobwa m'kapu n'kumuikira pambali. Tinacheza, mthunzi unasuntha, ntchentche zinayamba kuzungulira kapu. Ndinamukumbutsa. Anati wakhuta. Munthu wopalasa njinga kuchokera ku Wimbe, dzuwa la Okutobala, n'kukhuta thobwa. Ephraim yemweyu amene kale ankamaliza kapu n'kuitembenuza kuti ndione kuti mulibe, kenako n'kupempha lina la panjira.

Ndinamufunsa ngati akuopa chimanga cha m'nkhokwe mwathu.

"Ine zimenezo sindikhulupirira, Vailet," anatero akuyang'ana matayala a njinga yake. "Koma tiye tikwirire kaye, ndidzamwa pambuyo pake."

Pamenepo ukwati wanga wonse ndinauona poyera, kuyambira tsiku la chinkhoswe mpaka ukalamba. Ndikakwirira kabotolo kaja ndiye kuti ndavomera pamaso pa mpingo kuti amayi anakhaladi ndondocha zaka zonsezi, ndipo ine ndinkadya thukuta lawo. Ku Wimbe ndikanakhala mtengwa uja wa kwa anthu amene anachita kubweza. Mwana akadwala malungo, maso kwa ine. Fodya akachita bwino, maso kwa ine. Ndipo mwamuna wanga, amene akudziwa bwinobwino kuti m'kabotolomo muli Sobo, akanayamba kumwa thobwa langa chifukwa cha Sobo yemweyo. Mutu wake ukudziwa, koma mmero ukukana. Ine ndingaphikire mmero wotero mpaka liti?

Ndinatsekula kabotolo, ndinakhuthulira m'thobwa muja, n'kumwa zonse iye akuona. Anadzidzimuka, akulu anga. Akudziwa kuti ndi Sobo, koma anadzidzimuka. Sitinakangane. Anakhalabe pang'ono, anandithandiza kusenda mtedza osaika ngakhale umodzi m'kamwa, kenako anati kukuda, n'kukwera njinga.

M'mawa mwake ndinapinda chitenje cha chikole ndi foni ija, n'kupita nazo kwa atsibweni kuti akabweze. Anayesa kundinyengerera. Anati anthu amaiwala, ndikadikira chaka chimodzi padzabwera nkhani ina yoti azikamba pamjigo, ndipo mnyamatayo ndi wofatsa, samwa. Ndinati kusamwa ndiye ndakuona. Anandiyang'ana, n'kunena kuti pakamwa panga ndi pa amayi penipeni, ndipo ananyamula katunduyo. Ku Wimbe akuti anawalandira mosavuta, anawapatsa ndi chakudya. Ephraim sanabwerenso. Kabati imene ankandikhomera ndamva kuti wagulitsa kwa mphunzitsi wina. Inali ya mlombwa, yagalasi kutsogolo, ndipo mashelefu ake anayeza ndi mbale za amayi zija zamaluwa.

A Benjamin atafika ku Ulaya anaimba foni kangapo pa nambala ya atsibweni, ine n'kukana kuigwira. Ndiye anauza atsibweniwo kuti ali okonzeka kuwononga tizilombo tonse tili mufiriji yawo, alemberenso anzawo aja kuti achite chimodzimodzi, ngati zimenezo zingandibwezere banja. Akuti ankalankhula akulira. Ndikudziwa kuti zikatero ntchito yawo ya zaka zonsezi yapita, ndipo iwonso akudziwa.

Inu mumalankhula nawo, ndipo mudzandiuza kuti sanachite dala. Inde, sanachite dala. Pamaliro sanachite dala, pabwalo sanachite dala. Iwo amalakwa asakudziwa n'kukwera ndege, wotsala pamjigo ndine. N'chifukwa chake sindikufuna kumva mawu awo panopa. Koma uthenga uwu muwapatsire, monga ndaulemberamu, osauthira shuga.

Asaphe kanthu. Banja silibwerera ngakhale atatentha firiji yonse, chifukwa vuto silili mufiriji. Tizilombo timeneto tadya amayi, tadyanso ukwati wanga, ndipo tikangofa chabe ndiye kuti zonsezo zapita ulele. Mwezi wathawu mwana wa sukulu wa m'mudzi wa kufupi ndi paki anamunyamula pangolo akusinza, ndipo sindikudziwa ngati wabwerako. Ndiye awete mbewa zawozo, awerenge mpaka apeze chimene akufuna. Tsiku limene adzapeze adzaimbe, foni imeneyo ndidzaigwira. Lisanafike tsikulo asandiimbire. Ya feteleza atumize monga mwa nthawi zonse, munda sunalakwe.

Nsapato zoyera zimene munkandifunira m'masitolo a kumeneko musagule. Ngati mwagula kale, mupatse mwana wanu wamkulu akadzakula. Ine mundipezere majombo amphira, kudambo kuyamba matope ndipo kuwokera fodya kwayandikira.

Moni kwa alamu ndi kwa ana, muwauze kuti amayi awo aang'ono akuwakumbuka. Atsibweni akupereka moni, msana ukuwavutabe. Mango a kuseri kwa nyumba abereka kwambiri chaka chino, ndipo ana a m'mudzi sakubwera kudzagenda, ndiye akungogwa okha. Ndikanakhala ndi njira ndikanakutumizirani.

Nkhani iyi ndailemba kamodzi ndipo yathera pano. Mukadzaimba mundifunse za mvula ndi za fodya. Za izi sindidzalankhulanso.

Ndine mng'ono wanu,
Vailet.